Mayi Zipora ndi Kalata Yobwera pa Waya

Ndisanalembe nkhaniyi ndinapita ku Mitundu kukapempha kwa eni ake. Mayi Zipora Chilinda anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Lembani, aphunzitsi, koma dzina la esiteti lisaoneke." Choncho dzina la esiteti simulipeza muno, ndipo maina ena ndasintha. Ine ndimaphunzitsa masamu ku Nathenje, zolemba nkhani sindinazizolowere. Pamene ndikukayika ndinena kuti ndikukayika.

Mayi Zipora anabadwira kufupi ndi Malingunde m'chaka cha 1948, bambo awo anali telala. Ali mtsikana anaphunzira kutayipa ndi shotihandi, kalembedwe ka timizere ndi timadontho kamene asekilitale akale ankatolera mawu bwana akamalankhula. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri mu ofesi ina ku Lilongwe, nthawi ya chipani chimodzi. Za nthawi imeneyo salankhula kwambiri. Kamodzi kokha anandiuza kuti bwana wina ankawatuma kutsekula makalata a antchito anzawo ndi nthunzi ya ketulo, ndipo mesenjala wina anatengedwa chifukwa cha mizere iwiri imene mchimwene wake anamulembera kuchokera ku Zambia. Ine sindinafunse zambiri.

Amuna awo atamwalira mu 1995 anasamukira ku Mitundu. Kumeneko kunali kabungwe kothandiza matenanti a m'maesiteti a fodya, anthu ochokera kutali, ambiri kumwera, amene amalima fodya wa eni munda. Ofesi yake inali zipinda ziwiri kuseri kwa golosale. Mayi Zipora anali wantchito yekhayo. Ine ndinali mlembi wa komiti, ndipo ndinkabwera Lachinayi lililonse. Wapampando wathu anali a Kalimbuka, mkulu wa mpingo, munthu wokonda jekete ngakhale kutenthe, wamtima wabwino ndithu koma wokhulupirira kuti nkhani iliyonse imatha akuluakulu akakhalirana pansi.

Kompyuta inabwera mu 1998, mphatso yochokera kwa otithandiza. Mayi Zipora anali ndi zaka makumi asanu. Anaiphunzira m'masabata atatu, kungoti ankamenya mabatani ndi mphamvu ya pa taipi yakale, mpaka a golosale ankamva kuseri kwa khoma.

Chaka chomwecho tenanti wina, Davide wa ku Phalombe, anaduka zala zitatu pa jeke yodindira mabelo a fodya. A esiteti ananena kuti anali ataledzera, ndipo anamuchotsa. Koma panali munthu mmodzi amene anaona. Felesiya, mkazi wa tenanti mnzake, mayi wa ana anayi wochokera ku Mulanje, anali m'chigafa tsikulo. Ankadziwa kuti jekeyo inali yomanga ndi waya kwa mwezi wathunthu, ndipo anamva ndi makutu ake Davide akuuza kapitawo kawiri. Felesiya anabwera ku ofesi mobisa, atanamizira kupita ndi mwana ku sikelo. Amene analankhula naye ndi Mayi Zipora ndi loya wa ku Blantyre basi. Ine dzina lake ndinadzalimva patapita miyezi, a Kalimbukanso sankalidziwa.

Chifukwa chobisira chinali chachidule. A esiteti akanadziwa, banja la Felesiya likanathamangitsidwa pakati pa dzinja, fodya ali m'munda, ana alibe chakudya, kwawo kuli kutali. Loya anakonza zoti umboniwo udzawerengedwe m'khoti iwo atamaliza nyengo n'kupita kwawo. Koma pepala lake linkafunika chidindo cha chala cha Felesiya, ndipo linayenera kufika ku Blantyre pofika Lolemba. Felesiya akanapezeka Lachisanu lokha, tsiku la sikelo. Positi ikanachedwa. Ndiye loya anati atumiza pa imelo, ilandiridwe Lachinayi.

Lachinayi limenelo linali la mu Febuluwale 1999. Mvula inali itagwa masiku atatu, msewu wa kuseri kwa golosale unali phala lokhalokha. Ndinafika cha m'ma eyiti ndipo ndinapeza Mayi Zipora ali kale pa foni, kope lawo la shotihandi lili pamwendo.

Loya sanafune kuti kalatayo idutse m'bokosi lathu lakale la imelo. Anatitsekulira lina ku bungwe lawo, limene makalata ake amayenda pa waya atasokonezedwa, kuti wina akawagwira panjira asatolepo kanthu. Ngati panalidi munthu wokhoza kuwagwira panjira ku Mitundu, ine sindikudziwa. Ndinafunsapo anthu awiri odziwa makompyuta ndipo anandiyankha zosiyana. Koma Mayi Zipora sanafune umboni wina kuti akhulupirire kuti makalata amatsekulidwa.

Wowalangiza anali Pemphero, katswiri wa makompyuta wa ku bungwe la loyayo. Vuto linali loti waya wa foni unali umodzi. Akamalankhula ndi Pemphero, kompyuta sinkatha kuimba; kompyuta ikamaimba, Pemphero sakanamveka. Ndiye ankalemba malangizo, n'kuika foni, n'kuyesa, zikakanika n'kuimbanso. Pemphero ankafuula, moti ndinkamva zonse ndili patebulo langa.

"Mayi, mwaona pamene alemba nambala 110?"

"Ndaona, mwanangu."

"Pansi pakepo pali kabokosi ka njira yotetezedwa. Chonganimo. Nambala ija isinthe, ikhale 995."

"Yasintha yokha. Ine sindinaikhudze."

"Ndi mmene imachitira, mayi, musaope. Koma kabokosi kena kaja, kakuti kompyuta izikumbukira mawu achinsinsi, kasiyeni kopanda kanthu. Muzilemba nokha nthawi iliyonse. Ndipo mawu ndakupatsaniwa musauze munthu. Ngakhale abusa."

"Abusa alowapo bwanji?"

"Ndikungonena, mayi."

Ataika foni anandiyang'ana, inenso ndinadziwa chimene ankaganiza. Lamulo la komiti yathu linali lakuti kiyi aliyense wa mu ofesi akhale ndi mnzake kwa wapampando: wa chitseko, wa kabati, wa loko wa njinga. Kompyuta itabwera tinakambirana ola lathunthu ngati mawu achinsinsi ali kiyi, ndipo tinagwirizana kuti ndi kiyi. Ndine ndinalemba mfundoyo. Mawu a bokosi lakale tinawamata mu envulopu, tinadindapo, ndipo a Kalimbuka ankayenda nayo m'thumba la jekete. Mwa lamulo lathu, atsopanowanso anayenera kulowa mu envulopu tsiku lomwelo.

"Tiona madzulo," anatero Mayi Zipora.

Kuyesa koyamba kunakanika. Zinapezeka kuti pa dzina la kompyuta ya ku Blantyre anamenya chilembo m'malo mwa nambala wani, chizolowezi cha pa taipi yakale imene inalibe batani la wani. Kachiwiri panatuluka chenjezo lalitali. Anakopera lonse, anaimbanso, ndipo Pemphero anaseka: wotchi ya kompyuta yathu inkanena kuti tili mu 1980, ndiye inkakana chiphaso cha mnzakeyo kuti tsiku lake silinafike. Anakonza tsiku. Magetsi anathima theka la ola, tonse tinangoyang'ana babu. Atayaka, nthawi inali itadutsa leveni koloko.

"Tsopano zitheka," anatero, akupukuta manja pa chitenje.

Asanadine tinamva mawu a a Kalimbuka panja, akuseka mokweza monga amachitira akakhala ndi mlendo wolemekezeka.

"Odi kuno! Tabwera ndi alendo, Mayi Chilinda, konzani mipando."

Mlendoyo anali a Kumbemba, manijala wa esiteti yomwe ija. Ankapemphera mpingo umodzi ndi a Kalimbuka, ndipo anali atangothandiza malata a nyumba ya abusa. Anali munthu wamtali, wofatsa polankhula, nsapato zake zinali ndi matope pang'ono pokha. Galimoto anaisiya kumsewu waukulu.

Ndiyenera kusamala apa. Sindingathe kutsimikiza kuti a Kumbemba ankadziwa za kalatayo. A Kalimbuka anadzavomera pambuyo pake kuti Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, anatchulapo kuti Lachinayi tikulandira kalata ya loya pa kompyuta, ndipo mnzawoyo anati angakonde kudzaona mmene makina athu amagwirira. Zimene ndikudziwa ndi zokhazo.

Tinapatsana moni mmodzimmodzi. Mayi Zipora anafunsa za kunyumba, za mayi, za ana, mawu awo osanjenjemera. Koma ndinaona kuti kope lija analitseka n'kuliika pansi pa chigongono.

Chizolowezi chathu pa ofesipo chinali choti imelo ikamabwera aliyense amaimirira kuseri kwa mpando n'kuonerera. Chinali chinthu chachilendo, ngakhale a golosale ankabwera. Ndipo pulogalamuyo inkaonetsa kalata yatsopano pompo, mizere yoyamba ili poyera m'munsi mwa sikirini. Mzere woyamba wa umboni uli wonse umayamba ndi dzina la mboni.

"Tayiitanani kalatayo alendo aone," anatero a Kalimbuka.

"Bambo, makinawa avuta chim'mawa chonse. Mwina alendo ayambe amwa tiyi."

"Tiyi tamwa kwa abusa. Dinani."

"Ndikanakonda tidikire pang'ono."

A Kumbemba anamwetulira. "Musavutike, mayi. Ku ofesi kwathu ku tauni tili nayo yotere. Ndione, mwina ndingathandize."

Mlendo sakanizidwa mpando. A Kalimbuka anaukoka okha, Mayi Zipora anaimirira, a Kumbemba anakhala. Anagwira mausi ngati munthu wozolowera, anadina pa batani lolandirira makalata. Modemu, kachipangizo koimbira pa waya wa foni, inayamba kulira kulira kwake kuja, kenaka inakhala chete. Pa sikirini panatuluka kabokosi kofunsa mawu achinsinsi.

"Apa ndiye pafunika eni ake," anatero a Kumbemba.

"Eni ake ndi komiti," anatero a Kalimbuka, akupisa m'jekete. Anatulutsa envulopu ija, anaing'amba ndi chala, anapereka kapepala kwa mlendo.

Ine ndinali mlembi wa komiti, ndinali ndi ufulu wonse wolankhula. Sindinalankhule. Ndinangogwira bolopeni.

A Kumbemba analemba. Kompyuta inaganiza, n'kukana. Analembanso pang'onopang'ono, akuyang'ana chilembo chilichonse. Inakananso.

"Awa ndi akale," anatero mofatsa. "Pali atsopano."

A Kalimbuka anatembenuka. "Mayi Chilinda?"

"Alipo, bambo. Andipatsa lero."

"Ali kuti?"

Maso a a Kalimbuka anagwera pa kope limene Mayi Zipora analigwira pachifuwa. Anatambasula dzanja. Mayi Zipora anapereka ndi manja awiri. Wapampando anatsekula, anavala magalasi, anatembenuza kopelo chadodolido, analibwezanso. Tsamba lonse linali timizere topindika ngati mapazi a nkhuku pa dothi lonyowa.

"Aphunzitsi, inu mumawerenga izi?"

"Iyayi, bambo." Chinali choonadi, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti chinali choonadi.

"Ndiye werengani eni ake, mayi."

"Sindiwerenga, bambo."

A Kalimbuka anaseka pang'ono, kuwapatsa pothawira. "Maso avuta? Ukalamba uwu, a Kumbemba, sutisiya."

"Maso ali bwino, bambo. Kungoti sindiwerenga."

 Mayi Zipora ndi mayi wa Chigwirizano, bodza sanena. Akanatha kunena kuti aiwala, kapena kuti analemba molakwika, ndipo tonse tikanalandira. Anaima chilili, manja kumbuyo, akuyang'ana pansi mwaulemu.

"Demokalase imeneyo, a Kalimbuka," anatero a Kumbemba. "Tinavotera tokha. Kapena ndi kalata yachibwenzi, mayi? Ngati ndi choncho titsinzina."

"Zaka zimenezo zinapita, bambo."

"Nanga chobisa n'chiyani? Ine ndine Mkhristu mnzanu. Nkhani ya Davide inandipweteka inenso. Ngati pali wina akuti anaona kanthu, si bwino ndimudziwe, tikhale pansi, timuthandize?"

"Ndi zimene ndimanena ine," anatero a Kalimbuka. "Kukhoti n'kwa anthu osadziwana."

"Kalatayo si yanga, bambo, ndiye sindingaigawe."

"Si yanu, ndi ya ofesi! Ndipo ofesi ndi ine!"

Sindinawamvepo a Kalimbuka akukweza mawu chotero. A Kumbemba anakweza dzanja kuwatonthoza. Maso awo anapita pakhoma, pamene Mayi Zipora anamata kapepala ka nambala ya Pemphero.

"Uyu ndiye katswiri wanu? Tingomufunsa."

Anadula kompyuta pa waya, ananyamula foni, anaimba. Tonse tinamva kuitana, kenaka mawu ofuula aja. A Kumbemba anadzitchula kuti akuimba kuchokera ku ofesi ya Mitundu, mawu achinsinsi asokonekera, awatchulirenso.

"Ndani akulankhula?"

"Wapampando ali pompano."

"Ndipatseni Mayi Zipora."

Foni inaperekedwa. 

"Zonse zili bwino, mwanangu. Tili ndi alendo."

Pemphero anamvetsa. "Chabwino, mayi. Mudzaimbe alendo akapita." Foni inaduka.

A Kumbemba anaimirira, anakonza malaya. Sanakwiye, kapena sanaonetse. Anathokoza chifukwa cha mpando, anati makina athu ndi abwino, tiwasamale ku fumbi. Pakhomo anatembenuka n'kuwayang'ana Mayi Zipora.

"Matenanti anga ndimawadziwa onse, mayi. Amene amabwera ku Mitundu kawirikawiri si ambiri."

A Kalimbuka nkhope inali itagwa. Anaponya kope patebulo.

"Mwandivula pamaso pa mlendo. Ndikukawaperekeza. Ndikabwera ndipeze makiyi onse patebulo apa, ndipo kompyuta imeneyi musaikhudzenso."

Kwathu kuno mlendo satsanzikidwa pakhomo. Mwini malo amamutulutsa mpaka kumsewu, ndipo mlendo amene wachititsidwa manyazi amaperekezedwa pang'onopang'ono, ndi mawu opepesa. Kuchokera pa ofesi kukafika pa galimoto panali mtunda ngati bwalo la mpira limodzi ndi theka, m'matope.

"Aphunzitsi, imani pakhomopo," anatero Mayi Zipora. Anali atakhala kale pampando.

Ndinaima. Ndinkaona misana ya akuluakulu awiriwo, akulambalala zithaphwi. Kumbuyo kwanga modemu inaimba, n'kupeza kuti kwadzaza. Mayi Zipora anayesanso. Ulendo uno inalira, ndipo kulirako kunandimvekera ngati kukufika kumsika. Anavula juzi n'kuifunditsa. Mabatani anamenyedwa kasanu ndi katatu, mwamphamvu monga mwa nthawi zonse.

"Ali pati?"

"Pa chigayo. Aima, akupatsa moni a golosale."

"Yatsekuka. Ikubwera."

Kalatayo inali ndi masamba awiri okha, koma waya wathu unali wa pang'onopang'ono. Kamzere ka buluu kankakwawa. A Kumbemba anafika pa galimoto, anatsekula chitseko, koma sanalowe. A Kalimbuka anali atawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Afika pa galimoto, mayi."

"Musayang'ane kuno."

Sindinayang'ane. Pulinta yathu inali ya singano, yaphokoso ngati macheka. Inayamba tsamba loyamba pamene galimoto inkalira. Inali pakati pa lachiwiri pamene a Kalimbuka anatembenuka n'kuyamba kubwerera, okha tsopano, akuyenda mofulumira, osalabadanso matope.

"Akubwera. Adutsa chigayo."

Pulinta inapitiriza mzere ndi mzere. Ndinaganiza zotuluka kukawachedwetsa ndi funso lililonse, koma funso silinabwere. Atatsala mapazi makumi awiri phokoso linaleka. Ndinamva pepala likung'ambidwa, kenaka mausi kangapo. Mayi Zipora anandiuza pambuyo pake kuti anafufuta kalatayo, anafufutanso m'malo mmene zofufutidwa zimakagwera, monga Pemphero anawalangizira m'mawa.

A Kalimbuka polowa anapeza makiyi atatu ali pamzere patebulo, Mayi Zipora ataimirira, chikwama chili paphewa. Sikirini inali yoyaka, pulinta ikadali yofunda. Wapampando anayang'ana zonsezo.

"Mwaikhudza."

"Eya, bambo."

"Pepala lili kuti?"

"Lili ndi ine."

Linali m'kati mwa bulauzi, ndipo mkulu wa mpingo sakanatha kulitenga mmenemo. Anakhala pansi, anavula magalasi, anatiuza tonse kuti tituluke.

Komiti inakumana sabata yotsatira. Inagamula kuti Mayi Zipora anaphwanya lamulo la makiyi ndiponso ananyoza wapampando pamaso pa mlendo, zimene zinali zoona zonse ziwiri. Anachotsedwa ntchito. Ine ndinalankhula, koma mochedwa, ndipo tinali awiri pa anthu asanu ndi awiri. Lero amatayipira anthu makalata pakhonde pa nyumba yawo, pa taipi yakale.

Koma izo zinali za sabata yotsatira. M'mawa wa Lachisanu, Mayi Zipora sanapite pa mzere wa sikelo, chifukwa mawu a a Kumbemba a pakhomo aja anawakhala mumtima. Anatuma mayi mnzawo wa Chigwirizano kukanong'oneza Felesiya kuti akamaliza alowe m'nyumba ina kuseri kwa msika, ngati wopempha madzi a mwana. Mmenemo anamuwerengera umboni wonse m'Chichewa, motsitsa mawu, ndipo anamuuzanso zonse za dzulo lake, osabisa kuti manijala akusakasaka.

"Ukhoza kukana, mwanangu. Palibe angakuimbe mlandu."

Felesiya anasuntha mwana kumsana. "Dzina langa analiona?"

"Sanalione."

"Ndiye bweretsani."

Anadinda. Inki inali yofiirira, ya pa chidindo, ndipo inakana kuchoka. Anayesa sopo, anayesa ndimu ndi mchenga, chala chinangotuwa koma mtundu unalipobe. Mayi Zipora anayamba kuda nkhawa, poti kapitawo aliyense amadziwa tanthauzo la chala chotero pa munthu wosalemba. Felesiya anachiyang'ana, n'kuseka.

"Musavutike, mayi. Ndidzera kumunda ndisanafike kunyumba. Ndikathyola mizere iwiri ya fodya, phula lake likuta zonsezi. Manja athu saoneka khungu mpaka Epulo."

Loweruka Mayi Zipora anakwera basi ya ku Blantyre, pepala lili mu bulauzi, ndipo analipereka m'manja mwa loya. Pa esiteti paja mabanja awiri anaitanidwa ku ofesi mwezi umenewo kukafunsidwa za maulendo a ku Mitundu. La Felesiya linali limodzi mwa iwo, ndipo anaonetsa khadi la sikelo la mwana. Anathyola fodya wawo, anamuyanika, anamusankha. Mu Julaye anakwera lole ndi ana onse anayi, mphasa ndi nkhuku zitatu, kupita ku Mulanje.